Chala Chimene Chinkangokhala

Tsiku limene Mayi Liwiro anabwerera kuntchito, dzanja lawo lamanzere linangogona pamiyendo ngati la munthu wina. Sitiroko inali italifoola. Dzina loti Liwiro anawapatsa ndi anzawo pashopu yotayipira, chifukwa kale ankamaliza ntchito kasitomala asanatenthetse n'komwe mpando. Tsopano aliyense ankangoti "Mayi", mwachisoni, ndipo zimenezi zinkawapweteka kuposa dzanjalo.

Dzanja lamanja linkathamanga lokha, kumausi, kukiyibodi, kumausinso. Kukopera mawu n'kukawaika pena, kumene lamanzere linkachita osayang'ana, kunasanduka chintchito. Makasitomala ena ankatuluka akung'ung'udza.

Bwana sanali wouma mtima, koma shopu si chipatala. "Tiyese mpaka mwezi uthe," anatero. "Zikakanika, mpandowu ndipatsa wina."

Kunyumba mayiwo analira. Amuna awo, atelala, anasiya kupalasa makina osokera n'kuwagwira dzanja labwinolo.

"Mayi a ana, ine phazi limandithandiza manja ali pansalu. Nanga chala chachikuluchi chimatani mukagwira mausi?"

"Chimangokhala."

"Ngati mlamu wanu waulesi uja?"

Mayiwo anaseka koyamba chichokereni kuchipatala.

Atelala, amene kompyuta ankaiopa ngati njoka, anazungulira m'mashopu mpaka anapeza mausi ya mabatani awiri m'mbali, pomwe pamatsamira chala chachikulu. Anabwereka kompyuta yakale kwa aneba. Mayi ankalozera, bambo n'kumadina: batani lakutsogolo likhale lokopera, lakumbuyo loikira mawuwo. Ankalakwitsa, kukangana pang'ono, kuyambiranso. Pang'onopang'ono chala chaulesi chija chinayamba kumva.

Mwezi uli pafupi kutha, mayiwo ananyamula mausiyo m'kathumba kamene amuna awo anawasokera. Anailumikiza kukompyuta ya pashopu, bwana ataima kumbuyo kwawo, kasitomala akudikira. Anadina batani lakutsogolo. Zii! Anadina linalo. Palibe chinachitika.

Banjali linkayesa kuti nzeru zonse zija zalowa m'mausi, osadziwa kuti zinatsala m'kompyuta ya aneba.

Atelala anali kutali, ndipo bwana anali atayamba kuyang'ana kumbali, monga amachitira munthu wosafuna kuona mnzake akuchita manyazi. Apo mayiwo anakumbukira kuti kunyumba kuja amuna awo ankangodina. Wolozera njira anali iwowo.

"Bwana, ndiloleni pang'ono."

Ndi dzanja limodzi anatsegula posinthira kagwiridwe ka mausi, napatsa batani lililonse ntchito yake. Anadinanso. Mawu anakopedwa. Kudina kwachiwiri, mawu aja anakakhala pamalo pake. Kasitomala ananyamula mapepala ake, wina n'kukhala, uyonso n'kunyamuka. Liwiro la mayiwo silinali lakale lija, tisanamizane, koma mzere unkayenda.

Za mpando bwana sanatchulenso. Anangotembenukira kwa anthu apakhomo n'kukweza mawu: "Wotsatira! Pitani kwa Mayi Liwiro."

Mayiwo anawerama kuti misozi isaoneke, chala chikudinabe.

Inu amene mukulira chimene chinakufookerani, lirani ndithu, n'zowawa. Koma mukapukuta misozi, yang'anani bwino chimene chatsala. Mwina nanunso muli ndi chala chimene chikungokhala, chikudikira kuti muchipatse ntchito. Mtima wokhawo musautaye.