Amuna Anga pa Benchi ya Amayi Oyembekezera

Ananditenga chitengwa ku Mwadzama ndili wamng'ono, sukulu nditangoisiya. Mvula inagwa, inaleka, inagwanso, kumsana kwanga kulibe mwana. Pamudzi ponse panadzaza madokotala. Aliyense ankadziwa kuti vuto ndi ine, poti amuna anga anali msodzi wa chifuwa chotakata, wokoka khoka ngati ng'ombe. Munthu wotere angalephere chiyani?

Mkulu wa madokotalawo anali apongozi anga akazi. Anandimwetsa mizu yowawa mpaka lilime linaiwala mchere. Mizu itakanika, anapeza mankhwala enieni: mtsikana wa ku Dwambazi, mwana wa mnzawo, kuti akhale mkazi wachiwiri. Amalume ake a mtsikanayo anali atayamba kale kubwera kudzaona nyumba, ine ndikuwaphikira tiyi.

Ndinapempha chinthu chimodzi chokha, kuti tiyambe tapita kuchipatala cha mishoni. Amuna anga anavomera msanga. Ankafuna akamve ndi makutu awo adokotala akunena kuti ndine chumba, kuti akwatire mtima uli mbee. Panjira anyamata a chipani anatiimika kuona makhadi. Masiku amenewo mayi wapakati ankamugulitsa awiri, lina la mwana wa m'mimba, choncho kumbali imeneyo ndinali mkazi wosaboola thumba.

Adokotala anandiyeza, nandifunsa za kumwezi, kenako anati, “Mayi, ine pano sindikuona vuto. Abambo ali kuti?”

Abambo anali pansi pa mtengo wa mango, akulondera njinga imene palibe ankaifuna.

“Aitaneni. Tiyezenso mbewu yawo. Koma muyambe mwalipira pawindo.”

Pawindopo panali kalaliki wa tayi, ndi buku lake la mitengo. Anatsetsereka ndi chala: magazi, mkodzo, chimbudzi, makhololo. Anabwereranso pamwamba. Anaitana mnzake, nayenso anatsetsereka.

“Za abambo zotere muno mulibe,” anatero kalalikiyo. “Zonse za kusabereka zili kumbali ya amayi.”

Ndinaona kuti amene analemba bukulo anaphunzira sukulu imodzi ndi apongozi anga.

Ndiye kalaliki analemba amuna anga pa khadi langa, namenya chidindo cha sikelo ya amayi pa lisiti. Ndipo pepala la chidindo chimenecho silinkalandiridwa pakhomo lina, koma la amayi basi. Msodzi wanga uja anakhala pa benchi, kabotolo koikamo mbewu kali m'thumba la malaya, uku mayi wa mimba, ukunso mayi wa mimba.

“Bambo, yanu ndi ya miyezi ingati?” anafunsa mayi wina wachikulire.

“Asiyeni, anzanga,” anatero wina. “Ndi yoyamba, akuchita manyazi.”

Benchi yonse inagwedezeka ndi phwete. Amuna anga anandinong'oneza, mano ali gwa, “Mayi, mwandibweretsa kuti kuno?”

“Si ine, bambo. Ndi buku.”

Ine benchi zotere ndinazikhala zaka, kwa asing'anga ndi kwa azamba, anthu akundiyang'ana pamimba. Iwo mmawa umodzi wokha thukuta linali kamukamu.

Anawalozera kachipinda. Anakhalitsamo ndithu, munthu amene kunyumba sachedwa. Madzulo adokotala anatiitana tonse awiri.

“Bambo, mkodzo wanu umafiira?”

Nkhope ya amuna anga inawala koyamba tsiku limenelo. “Kuyambira ndili mnyamata, adokotala! Mwamuna weniweni wa kunyanja amatero. Ndiko kukula kumene.”

“Kumeneko si kukula, ndi likodzo. Mazira ake tawaona ngakhale m'mbewu yanu. Mbewuyo ilipo, koma yafooka. Mumwe mankhwala awa, mudzabwerenso tidzaone.”

Ndinaweramitsa mutu mwaulemu wonse, ndikufunsa ngati munthu wosadziwa kanthu. “Nanga adokotala, atati atenge mkazi wina, sizingathandize?”

“Angangowonjezera munthu womwa mizu,” anatero adokotala, maso ali pa pepala.

Pobwerera ndinakwera pakaliyala. Njira yonse amuna anga anangolankhula kamodzi, kutukwana mchenga.

Tsiku lotsatira anaitana mayi awo pakhonde, ine nditakhala pamkeka chapatali monga mwa mwambo. Ndinkadikira kuti ndimve mmene mwamuna amanenera mawu oti likodzo pamaso pa mayi ake. Anatsokomola, nakanda bondo.

“Amayi, za ku Dwambazi zija ziyambe zaima. Ndaganiza zomupatsako mpata wina mkaziyu. Ndamumvera chisoni.”

Apongozi anandiyang'ana. “Wamva? Amuna ena akanakuthamangitsa kale. Thokoza.”

Ndinagwada, ndinaomba m'manja, ndinathokoza kwambiri chifundo chawo. Kenako ndinalowa m'nyumba kukawatungira amuna anga madzi omwera mapiritsi, amene tinawabisa kudenga, m'chitini cha mbedza.