Tsiku Limene Ndinapita ku Metangula Kukakana Chiyankhulo Chapakati

Chaka chimene atate anathyoka mwendo pokoka bwato, ndinabwerera kwathu ku Lunho kukawasamalira. Thupi linali pakhonde pawo, koma mtima unatsalira kunja kwa dziko, kukampani yomwe ndimagwirako ntchito. Timapanga makompyuta a kwantamu, makina atsopano owerengera pogwiritsa ntchito tinthu tochepetsetsa tosaoneka ndi maso.

Ntchito yanga inali kulemba pulogalamu yomasulira malangizo a anthu kuti makina athu awamve. Kampani iliyonse inali ndi chiyankhulo chake. Munthu akalemba pulogalamu ya makina athu, sinkagwira pa makina a ena, ankayambiranso. Tsono makampani angapo anagwirizana za chiyankhulo chimodzi chapakati: pulogalamu iliyonse iziyamba yasandutsidwa m'chimenecho, kenako aliyense aziimasulira makina ake. Mabwana anaitanitsa msonkhano wa pafoni woti tigamule ngati nafenso tilowe. Kulowa kunatanthauza kutaya zimene ndinalemba kwa zaka zitatu.

Masiku amenewo sindinkakhazikika. Ndinkasesa pabwalo posesa kale. Ndinkakwera pachulu kuseri kwa tchalitchi, foni ili m'mwamba, kusaka rede, netiweki ya foni, kuti mauthenga alowe, koma ayi ndithu.

"Iwe, ukundizunguza mutu," anatero atate tsiku lina. "Takhala pansi. Chakuvuta n'chiyani?"

Ndinawafotokozera. Ankamvetsera akusoka ukonde, mwendo uli pampando.

"Nanga ogwiritsa ntchito makina anuwo akuti chiyani?"

"Sindinawafunse, atate."

"Hoo," anatero, n'kupitiriza kusoka.

Tsiku la msonkhano ndinasiya atate m'manja mwa azakhali, n'kulawirira ku Metangula kumene rede imagwira. Chapa, minibasi yomwe ndinakwera, inatitimira m'matope. Tinatsika, kukankha, kukwera, kutsikanso. Ine maso pa wotchi, ndikubwereza mumtima chifukwa changa chokanira: chiyankhulo chatsopanocho chinalibe mawu a zina zimene makina athu okha ankatha kuchita.

Ndinafika msonkhano utayamba kale. Ndinakhala pa kreti kuseri kwa msika, matope mpaka m'mawondo. Amene ankayankhula anali mayi wina wofufuza wa kuyunivesite, yemwe mabwana anamuitana. Anati pulogalamu imodzi anailemba katatu, makina alionse yakeyake, mpaka kafukufuku weniweniyo anamusiya panjira. Sankakalipa. Mawu ake anali a munthu wotopa basi.

Kenako bwana wanga ananditchula. "Chomasulira chathu munalemba ndinu. Mukuti bwanji?"

Pafupi nane munthu ankaitanira malonda a usipa, ndipo ndinatseka khutu lina ndi chala. Zomwe ndinakonzekera zinali pakamwa, koma zinakana kutuluka.

"Tilowe," ndinatero. "Koma tikawapemphe awonjezere mawu amene akusowawo. Chomasulira chatsopano ndilemba ndine."

Mabwana anagwirizana nazo. Foni itadulidwa, mtima sunakhale pansi ayi. Ndinazungulira msika kawiri osadziwa chomwe ndikufuna. Ndinagulira atate mankhwala a ululu, ndipo pobwerera ndinapeza chapa itapita. Msodzi wina wa kwathu anandinyamula pa boti lake la injini.

Mphepo ya mwera inali itayamba. Ndinatulutsa kope n'kuyamba kulemba zimene ndingapulumutse pa ntchito yanga yakale. Zinali zochepa, tsamba limodzi silinadzaze. Madzi ankathovukira m'botimo, ndipo msodziyo anandiponyera chitini kuti ndizikapa.