Dovu la Mwana Wanga

Mwana wanga woyamba ankatuluka dovu mpaka msinkhu woyamba sukulu. Sindikunena kadovu ka khanda lomera mano ayi. Malaya ankanyowa mpaka pamchombo, chibwano n'kuchita zilonda, ndipo m'chikwama changa simunkasowa kansanza. Nzeru anali nazo, nyimbo za kutchalitchi ankaloweza msanga kuposa ine, koma anthu sayang'ana nzeru, amayang'ana chibwano.

Nthawi imeneyo tinkakhala ku Umoja, mumzinda wa Nairobi, m'nyumba yosanja, pamwamba penipeni. Ine ndinkagwira ntchito kubungwe lina la mpingo, bambo ake ankaphunzitsa. Tchimo lathu linali limodzi: tinawamangira apongozi anga nyumba ya malata kumudzi. Basitu, nkhani inabuka. Kumudziko akuti ndalama za ku Nairobi si zabwino, tamukhwimira mwana, n'chifukwa chake dovu silikuphwa. Wotsogolera nyimboyo anali alamu anga, achemwali awo a bambo a mwanayu. Ine kukhwimira mwana amene ndinatsala pang'ono kufa naye pobereka? Zinandiwawa, ndipo ndikakumbukira zimandiwawabe. Chimene chinkandisowetsa mtendere n'chakuti dzina lotere silifufutika. Mwana wanga akanakula akulozedwa chala kuti ndi chitsiru cha chizimba.

Kuchipatala anamuyeza n'kunena kuti palibe chovuta, adzasiya yekha. Adzasiya liti? Mnzanga wa kuntchito, Mkenya, ndiye anandiuza za mayi wina wa ku China amene ankachiza ndi zitsamba kutauni. Ndinakwera minibasi, imene kumeneko amati matatu, ndi mwana osauzako Mmalawi aliyense. Munthu wonenedwa kukhwima akaonekanso kwa azitsamba, ndiye kuti wadziotcha yekha.

Mayiyo anali wamfupi, wosaseka. Anamutulutsitsa mwana lilime, n'kumugwira pamkono kwa kanthawi, n'kumusisita pamimba. Kenaka anandifunsa m'Chiswahili chake chothyokathyoka kuti mwanayu amadya chiyani. Ine, ponyadira firiji yanga yatsopano, ndinayamba kutchula: yogati, soda, madzi ozizira, aisikirimu Lamulungu lililonse. Anangopukusa mutu.

Anati kwawo amakhulupirira kuti thupi limayenda ndi zinthu zisanu, mtengo, moto, dothi, chitsulo ndi madzi, ndipo chilichonse chili ndi chiwalo chake komanso madzi ake otuluka m'thupi. Misozi ndi ya chiwindi, kumeneko ndi kumtengo. Thukuta ndi la mtima, kumoto. Mamina ndi a mapapo. Koma dovu, anatero akuloza mimba ya mwana, ndi la kapamba, ndipo kapamba ndi dothi.

"Dothi m'mimba mwa mwana wanga?" ndinafunsa, ndili chinyamulire chikwama kuti ndizipita.

"Dothi ndilo limatchinga madzi," anayankha. "Lake lazizira, lafooka, ndiye madzi akungodutsa."

Ndinakhalanso pansi. Ine ndinakulira kumunda wa pachitunda, ndikudziwa chimene mvula imachita mizere ikakhala yofooka. Anapitiriza kuti moto ndiye mayi wa dothi, choncho tilifunditse. Zozizira zonse asiye, m'mawa uliwonse phala lotentha lothira tangawizi, ndiye jinja ameneyu. Anandipatsa timapepala ta mankhwala owiritsa, n'kundionetsa kasisitidwe ka chala chachikulu cha mwana ndi pamimba pake.

Kunyumba kunabuka nkhondo. Mwana ankalira chogubuduka pansi kufuna soda. Tsiku lina ndinawapeza bambo ake akumumwetsa mobisa kuseri kwa kagolosale, ndipo ndinawakalipira mpaka ogulitsa ndiwo zamasamba za sukuma anasiya malonda n'kumatiyang'ana. Ndinawauza kuti ngati akufuna mwana wawo adzakwatire ndi kansanza m'thumba, apitirize. Sanabwerezenso. Koma poti mwamuna safuna kugonja chabe, anayamba kumuphunzitsa mwana kuimba mluzu, ati milomo ilimbe. M'nyumba munkangomveka mpweya ndi malovu.

Zinatenga miyezi. Poyamba zilonda za pachibwano zinauma. Kenaka ndinaona kuti ndachapa malaya ochepa. M'mawa wina ndinagwira pilo wake, gwa, wouma! Ndinakhala pabedi pomwepo n'kulira, misozi ya kuchiwindi ija. Bambo ake mpaka lero amati unali mluzu wawo, madokotala akanati wangokula. Aliyense anene zake. Ine phala ndinkaphika ndi ine, chala ndinkasisita ndi ine.

Kumudzi sindinatumize uthenga. Akanati ndikunama, kapena ndapita kukatsirika. Mwayi unabwera wokha: alamu anga aja anasankhidwa kubwera ku Nairobi kumsonkhano wa amayi a mpingo, ndipo anafika kwathu ndi amayi ena awiri akumudzi komweko. Ndinati Mulungu ngwabwino, wanditumizira ndi mboni zomwe.

Anakwera masitepe athu aja ali wefuwefu, thukuta lili kamukamu. Titalonjerana anamasula kathumba n'kutulutsa mulu wa timipango tosoka pamanja.

"Ndamusokera mwana wathu uja," anatero akuyang'ana anzawo. "Paja amanyowetsa kwambiri."

Magazi anandiwira, koma ndinalandira ndi manja awiri. Nthawi yomweyo pamasitepe panamveka mluzu wa nyimbo ya kutchalitchi, woyera bwino. Analowa mwana wanga, malaya oyera ali ouma mpaka pakolala, n'kugwada kupereka moni kwa alendo mmodzimmodzi. Alamu anamukokera pafupi. Ndinaona chala chawo chikudutsa pansi pa chibwano chake, n'kubwereranso kachiwiri. Anachiyang'ana chalacho, chili chouma.

Mwanayo anatola kampango kamodzi pamulu paja n'kuwapatsa.

"Azakhali, pukutani. Adokotala a ku China aja anati thukuta limachokera kumtima, tisamalitaye chisawawa."

Amayi awiri aja anaphulika kuseka, wina mpaka kugwira m'nthiti. Ine ndinalephera kudzigwira, ndinaimirira n'kululutira pakati pa nyumba, oyandikana nafe n'kutuluka kudzafunsa ngati kuli ukwati. Ndinadziwa kuti nkhaniyi ikafika kumudzi alamu asanatsike n'komwe m'basi.

Tsiku lobwerera ndinawathandiza kulongedza katundu. Timipango tija ndinatipinda bwinobwino n'kutiika pamwamba penipeni m'chikwama chawo.

"Alamu, tengani mukapatse ena," ndinatero. "Kuno kulibe wotigwiritsa ntchito."