Zikhomo Zisanu ndi Ziwiri

Anabwera Lachiwiri m'mawa, ine ndikupala chikopa cha ng'ombe kuseri kwa nyumba. Unali mwezi wa Ogasiti mu 1990, chipani chikadali chimodzi. Anali apolisi awiri. Chitseko chinali chotsegula, koma wamng'onoyo anachimenyabe ndi mfuti kuti a nyumba zoyandikana amve.

"Ndimwe mudala wopanga ng'oma?" anafunsa wamkuluyo.

"Ndine."

"Valani nsapato. Ba bwana bafuna kukamba na imwe. Maminiti faifi chabe, muzabwela."

Asanandikweze m'galimoto anasecha nyumba yonse. Anafunyulula mphasa, anapisa m'dengu la ufa, anakutumula ngakhale Baibulo la mkazi wanga. Pansi pa bedi anapeza chitini cha mkaka waufa, ndipo m'chitinimo munali timitengo tisanu ndi tiwiri, tosongoka, totalika ngati chala. Anayang'anana, nachitenga. Maminiti faifi aja anakhala masiku khumi ndi anayi.

Ndifotokoze kaye za timitengoto. Ndi zikhomo zimene timakhomera chikopa pa ng'oma. Ntchito yanga kuyambira unyamata ndi kusema ng'oma, kukunga zikopa ndi kukonza mababatoni, magitala aakulu aja osema pamanja, a oimba nyimbo za kalindula. Panthawiyo, kuyambira kwathu cha ku Palabana mpaka ku boma la Chongwe, panalibe bandi imene zida zake zinali zisanadutse m'manja mwanga. Ng'oma iliyonse ndinkaidziwa mawu ake monga mayi adziwira kulira kwa mwana wake pakati pa ana khumi. Wina anene kuti ndikudzitama, zake izo.

Pafupi ndi mudzi wathu panali famu yaikulu ya chimanga. Dzina lake sinditchula. Chaka chilichonse makina akamaliza kukolola, amayi ankalowa kukakunkha zotsala, ndipo palibe ankawaletsa. Chaka chimenecho kunabwera manijala watsopano, mzungu. Tsiku lina mu Julaye anapeza amayi akukunkha, nawamasulira agalu atatu. Ena anathawa. Mayi wina wa ana anayi, amene tinkapemphera naye mpingo umodzi, anakodwa pa waya wa mpanda. Anamwalira patapita masiku awiri. Manijalayo anaitanidwa kukafunsidwa. Amene anaona akuti anamupatsa mpando ndi tiyi, ndipo dzuwa lisanalowe anali atabwerera ku famu. Anati inali ngozi. Agalu aja anapitiriza kuuwa pa geti.

Kumapeto kwa Ogasiti pa famupo pankachitika phwando lalikulu la zokolola. Kunkabwera alendo a magalimoto ochokera ku Lusaka, ndipo mabandi athu ndiwo ankawavinitsa. Oimba ankalidikira chaka chonse, chifukwa n'kumene ankadyako nyama ndi kupezako ya sopo. Ine mphamvu yomanga mzungu ndinalibe. Ndinali ndi njinga ndi pakamwa. Ndinayenda kwa atsogoleri a mabandi onse asanu ndi awiri, ndipo aliyense ndinkamuuza zomwezo.

"Dothi pa manda ya amai baja ikalibe kuuma. Imwe muyende mukavinise munthu wamene anabapaya? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Siniuza munthu kutenga mwala olo kushoka munda na moto. Nifuna chabe pa Chibelu paja pakankale zii, balendo bafunse kuti ng'oma zili kuti."

Chibelu ndi momwe timatchulira Loweruka kwathu kuno. Pepala losainidwa linali loopsa masiku amenewo, choncho amene wavomera ankazula chikhomo chimodzi pa ng'oma yake yaikulu n'kundipatsa, kuti adzachitenge phwando litapita. Ng'oma yosowa chikhomo imalirabe, koma imalira mwachimfine, ndipo woimba wodzilemekeza sangatuluke nayo pagulu. Woyamba kuzula anali mng'ono wanga, wobadwa naye bere limodzi, amene bandi yake inali yotchuka kuposa ena onse. Anazula ndisanamalize n'komwe kulankhula.

Ananditsekera pa kapositi kena ka apolisi, pafupi ndi msewu wolowera ku famuyo. Chipindacho chinali ndi ndowa imodzi, thumba la feteleza logonera, ndi kabowo kolowera mpweya pamwamba pa khoma. Lachitatu kunabwera bwana wina wochokera ku Lusaka, wosavala yunifomu, wa jekete yotuwa. Anandandalika zikhomo zija patebulo.

"Ivi ni vichani?"

"Ni zikhomo za ng'oma, bwana."

"Seveni. Ndiye kuti bali seveni, iwe ndiwe wa namba eiti. Nindani anakutuma? Ni baja ba mamiting'i bofuna vipani vambili?"

"Kulibe ananituma. Mzimai anafa."

"Mzimai anafa pa ngozi. Iwe ndiwe jaji?"

Maina ankawadziwa kale, mabandi asanu ndi awiri sabisika. Chimene ankafuna n'chakuti ndisaine kuti tinali gulu loukira boma, kenako ndiyende naye kwa oimba aja, ndibweze zikhomo ndi manja anga, ndiwauze ndi pakamwa panga kuti akaimbe. Ndinakana. Anatseka cholembera chake mwaulemu, nati tionana mawa.

Lachinayi ananditengera m'chipinda cha kumbuyo momwe munali matebulo awiri ndi chitsulo chopingasa pakati pake. Iwo amachitcha kampelwa, ndiye kuti katungwe. Zochitika pa katungwe ameneyo sindilemba. Ndinapitako kanayi. Ndingonena kuti kuyambira pamenepo dzanja langa lamanzere silifumbata bwino kasemasema, ndipo kwa masiku angapo zimene ndinkasiya m'ndowa muja zinali zofiira.

Panali wapolisi wina wachikulire amene ankandibweretsera madzi. Sanali woipa mtima. Tsiku lina anakhala pakhomo nati, "Mudala, ng'oma yolilisa sichedwa kung'ambika. Saina chabe, uyende ku bana bako." Ndinamuyankha kuti za ng'oma asandiphunzitse ine. Anaseka natseka chitseko, koma ine ndinkadziwa kuti akunena zoona.

Tsiku lachisanu ndi chitatu bwana wa jekete uja anandionetsa pepala lina lokhala ndi chidindo. "Iyi ikasainiwa ku Lusaka, uzayenda kwamene mkazi wako sazakupeza. Kulibe khoti, kulibe loya. Bena bankala zaka." Ndinkadziwa kuti sakunama. Ndinachita mantha kwambiri, ndipo kangapo ndinatsala pang'ono kuitana kuti abweretse cholembera. Chinandigwira ndi chinthu chimodzi chokha. Phwando linali Loweruka la sabata yomweyo, ndipo ndinkadziuza kuti Lowerukalo likangokhala zii, thupi langa silinawonongeke pachabe.

Lachinayi, tsiku lakhumi, analola mkazi wanga kundiona. Anabwera ndi buluku loyera, natenga lakudalo kuti akachape. Analitambasula, anayang'ana kwa nthawi magazi amene anaumirapo, nalipinda msanga.

"Atate ba bana, sainani," anatero motsitsa mawu.

"Sinisaina."

"Nanga bana nizabauza chani?"

"Ubauze kuti atate bao si galu wa mzungu."

Mawu amenewo ndimachita nawo manyazi mpaka lero. Munthu wayenda mtunda wonse uja wapansi, ine n'kumuyankha ngati ndikulankhula pa msonkhano. Sanalire. Anakulunga buluku lija m'chitenje, natuluka.

Loweruka magalimoto anayamba kudutsa dzuwa litakwera pang'ono. Mphepo ya Ogasiti inkaomba kuchokera ku famu, kulowa pa kabowo kaja. Ndinavundikira ndowa, n'kukwerapo, n'kuika khutu pakhoma. Masana anakwana, kuli zii. Kenako ndinamva nyimbo za pa galamafoni, zachizungu, ndipo ndinaseka ndekha ngati wamisala. Ndinati anyamata anga agwira, azungu avine ndi makina awo. Ndinayamika Mulungu mokweza mpaka wapolisi uja anasuzumira.

Dzuwa litapendeka ndinamva ng'oma ikuyesedwa, katatu. Sindinafunike kumvanso kachinayi. Ng'oma imeneyo ndinaisema ndekha ku mtengo wa mlombwa, ndipo chikopa chake chinali cha ng'ombe yomaliza ya malemu bambo athu. Inali ng'oma ya mng'ono wanga. Inkalira mwachimfine. Chikhomo chatsopano akanasema m'kanthawi kochepa, ndinamuphunzitsa ndine, koma sanaseme. Anaiimba choncho, yopunduka, pamaso pa alendo onse aja.

Patapita nthawi ndinamva babatoni la bandi ina, kenako lina. Wamkulu akagwa ang'ono sachedwa. Pofika madzulo ndinali nditazindikira mabandi anayi, ndiponso nthungululu ndi kuwomba m'manja. Panja wapolisi wamng'ono uja ankagunditsa nsapato pansi motsata nyimbo. Pa katungwe paja ndinakuwa koma misozi sinatuluke. Tsiku limeneli ndinakhala pansi pafupi ndi ndowa, n'kulira ngati mwana, ndipo ndinapempha Mulungu kuti pepala la ku Lusaka lija libwere msanga, ndipite kumene sindidzaonanso munthu wa kwathu.

Lolemba m'mawa anatsegula chitseko. Bwana wa jekete anandikankhira chitini chija patebulo. "Tenga vimitengo vako. Ulibe mulandu. Ukayamike mufana wako." Sanandisainitse kalikonse. Panja, pansi pa mtengo, panali mng'ono wanga atagwira njinga.

"Bakulu, kwelani," anatero, maso ali pansi.

"Unaimba."

"Ninaimba. Ba mulamu banabwela na buluku yanu, banaiika pa mendo panga. Ba bwana banakamba ati nikaimba muzachoka, nikakana bazakupelekani kutali. Munafuna nichite bwanji?"

"Unanifunsa ine?"

"Sembe ninakufunsani, sembe munakana. Ndiye chifukwa sininafunse."

Ndinamulambalala, n'kuyamba kuyenda wapansi. Iye ankanditsata akukankha njinga. Sindinafike ngakhale pa mlatho wa pafupi ndi kapositi kaja, miyendo inakana. Anandinyamula, nandikhazika pa kaliyala, ndipo ndinagwira malaya ake ndi dzanja limodzi lomwe linkagwira.

Polowa m'mudzi tinakumana ndi mwamuna wa mayi womwalira uja, akuchokera ku mjigo ndi zigubu ziwiri, ntchito imene kale inali ya mkazi wake. Mng'ono wanga ananditsitsa, nakaima patali. Bamboyo anatula zigubu, nagwira dzanja langa ndi manja awiri.

"Mwabwelako, ba mudala. Mulungu ni wabwino."

"Pepani," ndinatero. "Tinakangiwa, ng'oma zinalila."

"Tinamvela. Mphepo inabwelesa nyimbo mpaka pa nyumba. Kamwana kanga kakakazi kotsiliza kanayamba kuvina panja pa lubanza. Nenze kufuna kukalesa, koma kuchokela pa malilo kenze kakalibe kusekapo. Ninakaleka."

Anasenza zigubu zake napita. Sanandidzudzule, ndipo podutsa anapatsa moni ngakhale mng'ono wanga.

Chaka chotsatira zipani zinachuluka, anthu anavina m'misewu kuti ufulu wafika. Manijala uja anakhalabe pa famu zaka zina zingapo, nachoka mwa kufuna kwake. Mng'ono wanga anasiya kuimba mvula isanagwe, nakagwira ntchito ya ulonda ku Lusaka. Chibale ndi fupa sichiwola, timadyera pamodzi, pa maliro timakhala mphasa imodzi. Koma sindinamuthokozepo, ndipo sindinamuuzepo kuti analakwa, chifukwa zonse ziwiri zimandikanika pakhosi. Nthawi zina ndimadzifunsa kuti akanakhala iye m'chipinda muja, mkazi wake n'kuika buluku lotero pa miyendo yanga, ine ndikanatani. Yankho ndimalidziwa, ndipo silindipatsa mtendere.

Achinyamata akandifunsa kuti kutuluka m'ndende kumakoma bwanji, amayembekeza kuti ndinena za dzuwa ndi mpweya wabwino. Ndimawauza kuti afunse kaye kuti chitsekocho chatsegulidwa ndi chiyani. Ndili moyo, ndinalera ana anga, ndanyamula zidzukulu, ndipo zonsezi ndimazikonda, sindinama. Koma mayi uja tinamulonjeza chinthu chaching'ono kwambiri, Loweruka limodzi lopanda ng'oma. Sanalilandire, ndipo amene anadya Loweruka limenelo ndine.