Tsiku Limene Bambo Anazimitsa Sipika za a Kiprono

Ndikakumbukira a Kiprono, chimene chimayamba kundifikira ndi fungo la waya wakupsa losakanikirana ndi la phula la njuchi, fungo limene linkatuluka m'galaja yawo masana a Loweruka lililonse iwo akuwotcherera zingwe za sipika, magalasi ali pamphuno, mbaula ya tiyi ikufuka pakhomo, uku maminibasi otchedwa matatu akulizirana mahutala pa Ngong Road.

Tinkakhala ku Kilimani mu Nairobi, m'fulati ya pamwamba, chifukwa bambo ankagwira ntchito ku bungwe lina lalikulu la mayiko ambiri. A Kiprono ankakhala kuseri kwa mpanda wathu, m'kanyumba kakale kamene kanatsalira pakati pa nyumba zosanja, akuyang'anira malowo mwini wake ali kunja. Anali a mtundu wa Aogieki, anthu ofula njuchi a m'nkhalango ya Mau, ndipo ku Nairobi anafika ali mnyamata, mudzi wa kwawo utatenthedwa.

Banja lawo lonse linali bandi. Iwo, ndi imvi zawozo, ankaimba gitala ya besi ataima nji osagwedeza ndi phewa lomwe. Ana awo aamuna awiri anali pa ng'oma ndi pa gitala, akuika rege pansi pa nyimbo zakale za m'nkhalango, ndipo pamwamba pake mdzukulu wawo Chebet, mtsikana wa sekondale, ankalakatula mwa hipihopu, mawu akugwa ngati matalala, m'Chiswahili ndi m'chinenero chawo. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Ndinkakhala pa kireti ndikunyambita uchi umene abale awo ankatumiza, ndipo ndikawaitana kuti agogo ankaseka, n'kunena kuti Amalawi timadziwa kulemekeza. Tsiku lina anagwira dzanja langa n'kuliika pa sipika kuti ndimve mmene besi imanjenjemeretsera mafupa.

Anali bambo anga eni ake amene anapita kukawapempha. Bungwe lawo linkakonza msonkhano wa ufulu wa mitundu ya anthu yotsalira ngati Aogieki, ku hotela ina m'tauni, ndipo ankafuna oimba. Anakhala m'galajamo ndi tayi yawo, anamwa tiyi, anawatchula a Kiprono kuti m'bale wawo. Banja lija linakonzekera milungu iwiri yathunthu.

Pa tsikulo ine ndi amayi tinapita nawo. Oimba asanakwere pansanja, bwana wa bambo, mayi wina wosekerera nthawi zonse, anabwera ndi thumba la zikopa ndi mikanda zogula kumsika wa alendo, n'kunena kuti avale zimenezo chifukwa majinzi sangaoneke bwino pa zithunzi. A Kiprono anasisita chikopa chimodzi n'kuwauza bambo kuti n'cha mbuzi, kuti kwawo sankavala zotero, ndipo mikandayo ndi ya Amasai. Bambo anawanyengerera chamunsimunsi. Nkhalamba ija inawayang'ana nthawi yaitali, kenako inavala chikopacho pamwamba pa malaya.

Nyimbo ziwiri zoyamba anthu anawomba m'manja, mafoni ali m'mwamba. Pa yachitatu Chebet anayamba kutchula midzi imene inatenthedwa, umodziumodzi, ndi ming'oma ya njuchi ya makolo ake imene inagwetsedwa, n'kufunsa kuti minda imene ili pamalopo lero ndi ya yani. Pa mpando wakutsogolo panali mkulu wina wa boma. Anapinda manja pachifuwa. Bwana uja anatembenuka n'kuyang'ana bambo.

Ndinawaona bambo akuyenda chotsamira khoma mpaka pakona pamene panali soketi. Anawerama ngati akumanga nsapato, n'kuzula pulagi.

Besi inafa, gitala inafa. Kunatsala ng'oma ndi kamawu ka Chebet kamene sikankafika ndi pakati pa holo pomwe. Anapitiriza choncho, mitsempha ya m'khosi itatupa, mpaka woyendetsa mwambo anaimirira n'kupepesa kuti magetsi avuta, ndipo tiyi wakonzeka panja. Anthu amene anakhala m'mawa wonse akulankhula za kumvera anthu osamvedwa ananyamuka onse kupita ku masamusa. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa chifukwa chimene mababu onse a m'holomo anali chiyakire.

A Kiprono anavula chikopa chija, anachipinda bwinobwino, n'kupita nacho kwa bambo.

"Kabwezeni kwa mwini wake," anatero. "Ndakuonani."

Anakana galimoto ya bungwe. Ndinawaona pawindo akuwoloka msewu, sipika ili paphewa, ana awo ali pambuyo, akupita kokwerera matatu.

Pobwerera ndinawafunsa bambo chifukwa chake. Amayi ananditsina pantchafu. Bambo anati chilolezo chathu chokhalira m'dzikomo chinali m'manja mwa anthu ngati mkulu uja, ndipo ndidzamvetsa ndikadzakula. Akanalekera pomwepo mwina ndikanawakhululukira. Koma anawonjezera kuti mtsikana ujanso ndi wopanda mwambo, sadziwa polankhulira.

Loweruka lotsatira ndinapita kugalaja. Chebet ananditsekera chitseko pamaso n'kundiuza kuti ndipite kwa bambo anga. A Kiprono anatuluka, chowotcherera chili m'manja, ndipo ndinkaganiza kuti andilowetsa.

"Ndilibe nawe mlandu, mdzukulu wanga," anatero. "Koma nyumba ino yakwiya, ndipo inenso ndakwiya. Pita kwanu."

Sindinalowemonso. Patapita miyezi ingapo bambo anabwera ndi lipoti la msonkhano uja, losindikizidwa pa pepala lonyezimira, ndipo pachikuto panali a Kiprono m'chikopa cha mbuzi, gitala yawo ataidula pa chithunzicho. Linakhala patebulo la pabalaza chaka chonse, alendo akuliyamikira. Kenako malo aja anagulitsidwa, galaja inagwetsedwa, ndipo mlonda wa pageti pathu ndi amene anandiuza kuti banjalo linasamukira ku Ruaka. Za imfa ya a Kiprono ndinamva kwa mlonda yemweyo, maliro atapita kale.

Ndinakula, ndipo ndinamvetsa monga ananenera bambo. Lero inenso ndimagwira ntchito muofesi ya mtundu womwewo muno mu Nairobi, chilolezo changa chimatha n'kukonzedwanso, ndipo mantha a bambo aja ndimawadziwa kukoma kwake. Koma kumvetsako sikunachotse mkwiyo. Chaka chatha, ndili kwathu ku Zomba, ndinawafunsanso bambo za tsiku lija. Anaganiza pang'ono, n'kunena kuti mmene akukumbukira iwo, magetsi anangozima okha.

Sindinawatsutse, ndi okalamba tsopano. Koma ine ndinalipo, ndipo dzanja lawo ndinaliona.