Mpeni wa Dzanja Lamanzere

Mpeni wa atate ndimausunga pamwamba pa kabati, pomwe mwana wanga sangafike ngakhale atakwera pampando. Si mpeni wa kusitolo ayi, ndipo supindika ngati timipeni ta m'thumba tija. Atate anausula okha kuchokera ku sipuling'i ya lole, nthawi imene ankagwira ntchito kunjanji. Chogwirira chake ndi cha mlombwa, ndipo chimake anachisoka ndi lamba wakale wa makina. Ndinakula ndikuuona m'chiuno mwawo, koma sindinkadziwa kuti anaunola mbali imodzi yokha, chifukwa iwo ndi amanzere.

Ndikanadziwa bwanji? Nshima ankadya ndi dzanja lamanja, kulemba ndi lamanja, moni ndi lamanja. Ali mwana kwawo ku Petauke, aphunzitsi anawawongola ndi rula. Dzanja lamanzere linangotsalira ntchito imodzi, ya mpeni.

Zaka zija makampani atayamba kugulitsidwa, tauni yathu ya Kafue inazizira. Mwamuna wanga anamudula ntchito kufakitale, nayamba ukondakitala pa minibasi za ku Lusaka. Ine ndinali ndi satifiketi yanga ya kutayipa, yomwe ndinkazungulira nayo maofesi a ku Boma, mwana ali kumsana, n'kumauzidwa kuti ndibwerenso mwezi wamawa. Atate nawonso ntchito inawathera. Amayi anali atamwalira kale, choncho anabwera kudzakhala nafe m'dera lathu la ku Estates podikira zobwerera kumudzi. Kukhala chabe sankakutha. M'mawa uliwonse ankakwera kumapiri a kuseri kwa tauni, n'kubwerako ndi luzi, mipini ya makasu ndi mithiko yoti amayi a pamsika agulitse.

Nditatopa ndi maofesi ndinayamba kuwatsatira. Ndinene zoona, njira yonse mtima unkakhala m'mwamba. Ndinkaopa njoka, ndinkaopa minga, koma makamaka mpeniwo, poti mwana wanga wamkazi anali atafika msinkhu wogwira chilichonse. Atate ankangoti ndimukhazike pachitenje pamthunzi, mwana sadyedwa ndi tchire masana.

Anandionetsa kusankha mombo waung'ono, kucheka khungwa pang'ono m'munsi n'kulifundula mpaka m'mwamba, kenako kulekanitsa luzi lofewa ndi khungwa lakunja. Zimenezo ndinazigwira msanga. Chinandikanika ndi kusema. Iwo akagwira nthambi ya mtowo, mpeni unkayenda ngati ukusenda mbatata, tizipalo tikugwa topotanapotana. Ine ndikagwira, mwina unkaterereka osaluma mtengo, mwina unkalowa kwambiri n'kung'amba. Tsiku lina ndinauponya pansi misozi ili m'maso. Atate anautola, naupukuta pa buluku, nandionetsa kukamwa kwake: mbali ina yopendekeka, ina yosalala ngati galasi.

"Si iwe wolakwa, mama. Mpeni uyu ni wamanzere monga ine."

Tikukambirana choncho, mwana anali atatola kamtengo, akupala nako nthambi potsanzira agogo ake. Atate anamuyang'anitsitsa. Ananyema chinangwa chomwe tinatenga ngati kamba, namupatsa. Mwana analandira ndi dzanja lamanzere. Anamupatsanso china atachiyandikiza kumanja, koma iye anatambasula lomwe lija. Atate anaseka mpaka kutsokomola, nati mwini mpeni wapezeka.

Ine sindinaseke nawo. Apongozi anga, amayi a mwamuna wanga, anali ataziona kale zimenezo. Ankakhala mzere wachiwiri wa nyumba kuchokera kwathu, ndipo ankabwera tsiku ndi tsiku akachoka ku misa ya m'mawa. Mwana akatambasula dzanja lamanzere pa mbale ankalimenya pang'ono ndi chala. Ankandifunsa kuti mwana wamkazi wotere adzapereka bwanji madzi kwa alendo, ndipo akadzakwatiwa anthu adzati analeredwa ndi ndani. Kenako anabweretsa sokosi, nati tizimuveka kudzanjako masana onse kuti lizolowere kukhala chete. Sanali munthu wankhanza. Ankamukonda mdzukulu wawo, ndipo mantha awo anali anganso. Ndinkaganiza za sukulu, za aphunzitsi, za ana anzake akumuseka. M'tauni momwe ngakhale amanja awiri abwinobwino ankasowa chochita, sindinkafuna kuti mwana wanga ayambe moyo ali ndi chomulozera zala. Sokosi ndinaivomera.

Atate sanatsutsane nawo asewere awo, mwambo sulola. Ankangoti tikadutsa nyumba zomaliza n'kuyamba kukwera phiri, ankavula mwana sokosi ija n'kuiika m'thumba. Pobwerera, tikayamba kuona malata a ku Estates, ankamuvekanso okha, akumuuza kuti dzanja ligone tsopano, lagwira ntchito. Ine ndinkayang'ana kumbali. Sindinawaletse, komanso sindinawauze apongozi kuti asiye.

Mvula isanayambe atate ananyamuka kupita kumudzi. Pa siteshoni ya basi anamasula mpeni m'chiuno, naukulunga m'kansalu, nandipatsa.

"Usungire mwana. Ukabuntha unole pamwala, mbali yomweyi. Usakaupereke ku makina."

Ndinavomera ndi mtima wonse, ndipo chaka chimenecho sindinaukhudze.

Chaka chotsatira minibasi imene mwamuna wanga ankagwirapo inawonongeka, n'kukhala pamiyala miyezi yambiri. Amayi a pamsika ankandifunsabe ngati mithiko ya madala aja ilipo. Ndinakwera kuphiri ndekha. Mipeni ya kukhitchini inkapindika pa mtowo, choncho ndinatsitsa wa atate. Ndinayesa ndi dzanja lamanzere, ndinadzicheka chala chachikulu. Ndinayesa ndi lamanja, mitengo inang'ambika monga kale. Nthawi imeneyo mwana anali atayamba kudya ndi dzanja lamanja popanda womuuza, sokosi titaisiya. Ndinadziuza kuti nkhani ya manzere yatha, ndipo mpeni wosungira munthu amene sadzaufuna ndi chitsulo chabe.

Kuseri kwa msika kunali bambo wina wonola mipeni ndi nkhwangwa pa gudumu lopalasa ngati njinga. Anautembenuzatembenuza, nandifunsa kuti mpeni uyu bwanji, ananola theka n'kutopa? Ndinamuuza kuti ausinthe ukhale wa dzanja lamanja. Anandichenjeza kuti chitsulo chidyeka kwambiri, ine ndinati palibe kanthu. Ndinaima pomwepo ndikuona moto ukuthetheka, mwana atandigwira chitenje, akusangalala ndi timoto timeneto.

Mpeni unabwerako wowonda, koma unandimvera. Chilimwe chonse ndinasema mithiko ndi zipande, zoyamba zokhotakhota, kenako zooneka. Tinadya. Ndikamaganiza za miyezi imeneyo sindipeza njira ina imene ndikanatsata, ndipo mwina zitabwereranso ndikhoza kupitanso kwa bambo wa gudumu uja. Koma kudziwa zimenezo sikunandipepuze.

Mwana tsopano ali kusukulu. Amalemba ndi dzanja lamanja, pang'onopang'ono, lilime lili kunja, ndipo aphunzitsi ake amati ndi waulesi polemba. Mwezi wathawu ndinapita naye kuphiri kukafundula luzi lomangira mpanda wa dimba. Titakhala pansi kuti tidye nzimbe, anandipempha kuti asende yekha. Ndinazengereza, kenako ndinamupatsa mpeni, ine nditakhala pafupi kwambiri moti ndinkamva kupuma kwake. Anaulandira ndi manja awiri monga anaphunzitsidwira, naugwira kumanja. Kenako anayang'ana kunjira yochokera kunyumba kuti aone ngati kukubwera munthu, nausamutsira kumanzere. Zala zake zinakhala pa chogwirira momwe zinkakhalira za atate, chala chachikulu chitagona pamsana pa chitsulo. Palibe anamuphunzitsa.

Anakankha, mpeni unaterereka pa nzimbe osaluma. Anayesanso, unatererekanso.

"Mami, mpeni uyu ni wobuntha."

Ndinali nditaunola m'mawa womwewo. Ndinaulandira, ndinamusendera nzimbe, ndinamudulira tizidutswa, iye akutola ndi dzanja lamanja poti ndinkamuyang'ana.

Ndinabwererako kwa bambo wa gudumu kukafunsa ngati angaubweze momwe unalili. Anauyeza ndi chala, napukusa mutu, nati akautembenuzanso utsala ngati msomali. Atate akadali moyo kumudzi, koma maso anafooka, sasulanso. Aliyense wochokera ku Petauke akatsika basi pano amabwera ndi funso la atate lomwelo, loti kodi mdzukulu wayamba kuugwira mpeni wake. Ndimayankha kuti akadali wamng'ono.