Chala pa Kamera

Chifuwa chinayamba mu Epulo, tili mkati mosankha fodya. Kuno kwa Mkanda nyengo imeneyo aliyense amatsokomola, ndiye ndinangoti ndi fumbi la m'chigafa. Fodya anatha, chifuwa osatha. Pofika mu Juni ndinkadzuka malaya atanyowa ndi thukuta, chakudya sichinkalowa, ndipo lamba wanga ndinamuboola mabowo ena awiri.

Mwana wanga woyamba, Esinati, amagwira ntchito ku Lilongwe. Anatigulira tabuleti kuti Lamulungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi aziimba, tizilankhula tikuonana nkhope. Koma ife tinaleredwa kuti wakutali sumuuza matenda, ungamusokoneze pa ntchito. Nditaona mmene masaya analowera, ndinaphunzira kuyankha foni yake chala chachikulu chili pa kamera.

"Bambo, bwanji sindikukuonani?"

"Ndi netiweki, mwanangu. Kuno tili bwino."

Ndinanama chomwecho miyezi iwiri. Chifuwa chikandigwira ndinkapatsira mayi ake tabuletiyo n'kutuluka panja. Mkazi wanga ankandichonderera kuti ndipite kuchipatala, ine makani.

Lamulungu lina mu Ogasiti ndinalephera kudzuka pamphasa. Tabuleti italira, mkazi wanga anayankha, ndipo anailozetsa kwa ine. Esinati anandiyang'ana nthawi yaitali. Sanalire, sanakalipe. Anangoti, "Bambo, mawa ndikupezani." Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo anaposa ululu wa m'chifuwa.

Anabweradi, n'kunditengera kuchipatala pa njinga yamoto. Tinakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Achipatala anandikweza pa sikelo, anandipatsa kabotolo kolavuliramo makhololo, kenako anandijambula pachifuwa. Zotsatira zitatuluka, adokotala anati ndi chifuwa chachikulu.

"Mwachedwa, bambo, koma simunachedweretu," anatero. "Onse a m'nyumba mwanu abwere adzayezedwe."

Mkazi wanga anapezeka nacho. Apa ndi pamene mtima unandiwawa koposa. Matenda amene ndinkabisira mwana wakutali ndinali nditapatsira munthu wogona naye mphasa imodzi.

Ine anandigoneka m'chipatala milungu iwiri, mkazi wanga ankamwera mankhwala kunyumba. Tonse tinamwa miyezi isanu ndi umodzi, m'mawa uliwonse, osadumphitsa. Esinati atabwerera ku ntchito ankaimba nthawi yomwera mankhwalayo. Tinkatsamiritsa tabuleti pa thumba la mtedza kuti azitiona tikumeza, pakuti mawu anga okha sankawakhulupiriranso. Sindinamudandaule.

Lero tonse tinachira. Ndikulima, ngakhale ndikamakwera chitunda pa njinga mpweya umandiperewera. Adokotala akuti mapapo anatsala ndi zipsera chifukwa chochedwa, ndipo zimenezo ndidzakalamba nazo.

Anzanga alimi, chifuwa chikapitirira milungu iwiri pitani kuchipatala, musanamizire fumbi la fodya. Ndipo ana anu akaimba, chotsani chala pa kamera.